Galu Wanu Waluma Selina

Amayi, kodi mukudzuka bwanji kumene muliko? Kuno ku Lifidzi chisanu chabwera msanga chaka chino. Ndikamatsuka mbale m'mawa zala zimachita kuuma, ndipo ndimakumbukira mmene munkatukwanira maondo anu nyengo ngati ino. Ndikhulupirira kuti kumeneko anasiya kukuvutitsani. Ndine Filomena, uja munkati amayamba kulankhula nzeru zikadali m'njira. Lero ndayesa kuganiza ndisanalembe, koma musayembekezere zolongosoka, chifukwa mutu wanga sukugwira bwino masiku ano.

Ndiyambe ndi zabwino, poti simunkafuna munthu wolowa m'nyumba ndi madandaulo asanapereke moni. Mng'ono wanga Anastansia anachira mvula itangosiya, mwana wamwamuna wonenepa. Mphuno ndi yanu yeniyeni, moti tonse tinamumvera chisoni. Nyemba za m'munda wanu wa kutsidya zinabereka bwino, koma chimanga chinangokula msinkhu, pokolola nkhokwe inangofika m'chiuno. Mbatatesi za kudimba zagwidwa chiwawu mbali imodzi. Amuna anga a Luwisi, mkamwini wanu, akadali kupalasa njinga ku Kalomwe, kunyamulira amalonda matumba pamalire paja, ndipo kunyumba amabwera Loweruka lokha. Khasu lanu lija ndikulimira ine. Anastansia ankalifuna, koma ndinamuuza kuti munandipatsa musanamwalire. Mukudziwa kuti simunandipatse, ndiye musandiulule.

Zabwino zathera pomwepa. Mudzatopa, galu wanu uja, analuma Selina wanga, ndipo mpaka lero sindikudziwa ngati mwanayu akhale ndi moyo.

Mukudziwa nokha kuti galu ameneyu sanali wolusa. Dzina munamupatsa loti liziwabaya anthu amiseche a kumtunda, koma iye mwini analibe mwano ndi munthu. Munkati ali ndi nzeru kuposa akamwini anu onse mutawaphatikiza, ndipo a Luwisi ankangoseka chifukwa analibe poyankhira. Chichokereni inu anakana kusamukira kwathu. Ankagona pakhonde la nyumba yanu yotseka ija, ndipo amene ankamupititsira chakudya anali Selina. Munamusiya ali kamwana kothamanga opanda malaya. Pano ali ku shikola, kalasi yoyamba, ndipo amalemba dzina lake zilembo zina zitayang'ana kumbuyo. Galuyo Selina ankamukwera pamsana, kumukoka makutu, kumuveka mpango kumutu, iye ali phee.

Nthawi yokolola nyemba, Mudzatopa anabwera tsiku lina khutu litang'ambika. Oweta mbuzi anati anamuona akulimbana ndi galu wachilendo, wowonda, amene palibe ankadziwa mwini wake. Tinaseka, n'kumati mkulu wakumana ndi anzake. Khutu linapola, ife n'kuiwala. Patapita masabata angapo anayamba kudana ndi dzuwa. Anasiya khonde lanu n'kumabisala pansi pa nkhokwe, pamdima. Ine ndinati ndi chisanu, kapena ukalamba.

Tsiku la ngozilo Selina ataweruka ku shikola anatenga mkute kuti akamupatse. Anamuitana, sanatuluke. Ndiye anagwada n'kulowetsa mkono pansi pa nkhokwe kuti amukoke. Ine ndinali kuseri ndikupeta nyemba, ndinangomva kulira. Bala lake silinali loopsa kuliona: mano awiri analowa pamkono, pamwamba pa dzanja pang'ono, ndi kamzere kokalika m'mbali. Magazi anali ochepa. Selina ankalira chifukwa chodabwa kuposa ululu. Ankangoti, "Ndine Selina, Mudzatopa, sukundidziwa?"

Ndinachita zimene munandichita ine. Mukukumbuka galu wa a Binisoni atandiluma katumba ndili msinkhu womwewo? Munameta ubweya wa kumchira kwake, munauwotcha paphale, phulusa lake munasakaniza ndi mafuta a nsatsi, n'kupaka pabala. Munandiletsa kutsuka, munati madzi amakankhira ululu m'kati. Chipsera chake ndili nacho, ndipo mwendowo ndi umene ndikuyendera mpaka lero. Ndiye ndinatenga lumo n'kupita kunkhokwe. Mudzatopa anatuluka yekha, mchira uli pansi, ndipo ndinameta ubweyawo iye akungondiyang'ana. Sanandichite kanthu, Amayi. Ndinapaka phulusa lija, ndinamanga ndi kansalu kong'amba pa kapulana yakale, chitenje chimene ndinasiya kuvala, mtima wanga n'kukhala pansi kuti ndachita monga mwana wophunzitsidwa bwino.

Dzuwa litapendeka kunabwera atsibweni a Fulansisko, alongo anu. Akalamba, akuyendera ndodo, koma zapamudzi amazimva msanga kuposa wailesi. Anamasula kansalu kaja, anayang'ana bala, anayang'ananso nyumba yanu yotseka, n'kupukusa mutu.

"Filo, galu ameneyu ndi wa ndani?"

"Ndi wa amayi."

"Nanga mwanayu ndi ndani wawo?"

"Ndi mdzukulu wawo."

"Ndiye ukufuna ndikuuzenso chiyani? Galu wa munthu womwalira angalume mwana amene amamupatsa chakudya popanda womutuma? Chaka chakwana, mowa wa bona sitinaphike. Alongo anga adikira, atopa."

Ndinati bwanji tipite kaye ku postu, kachipatala kathu kakang'ono kaja, anamwino akamuone. Iwo anaseka, osati moipa ayi, koma kuseka kwa munthu amene akumvera chisoni mwana wopusa.

"Ku postuko akabaya ndani, Selina kapena amayi ako? Viika chimanga mawa, alongo anga amve kuti tayamba."

Musawade atsibweni, Amayi. Selina amamukonda, ndipo sabwera kuno opanda kanthu m'thumba koti amupatse. Mawu awo anandilowa chifukwa nkhani ya mowa wanu inkandidya kale mumtima. Tinkangoti tiphika tikakolola. Kenaka kunabwera za pakati pa Anastansia, kenaka chimanga chinachepa, komanso mukudziwa kuti ansembe ku Fonte Boa nkhani imeneyi safuna kuimva. Ndinadziona kuti ndine mwana wosayamika. Choncho m'mawa mwake, m'malo motenga njira ya ku postu, ndinasenza thumba la chimanga kupita nalo kumtsinje kukaviika. Chimera sichifulumizitsidwa, inunso mukudziwa. Uviike, uvuule, ufunditse, udikire kuti chimere. Masiku ankapita, bala linkauma bwinobwino, ndipo atsibweni ankabwera kudzaliloza ndi ndodo n'kumati, "Waona? Amva."

A Luwisi atabwera Loweruka n'kuona mkono wa mwana, nkhope yawo inasintha. Anandiitanira kuseri kwa nyumba.

"Amake Selina, kumalire kuja anthu amati galu akaluma munthu, n'kuchipatala tsiku lomwelo."

"Ndiye kawauzeni atsibweni."

Anakanda m'mutu. "Ine ndine mkamwini. Za mizimu ya pamudzi pano ndingazilowerere bwanji? Adzati ndikunyoza apongozi anga ali m'manda."

Ndinapsa mtima, koma sindikudziwa kuti ndinapsera ndani, poti nanenso mawu omwewo ndinalephera kuwanena kachiwiri. Chimene iwo anachita n'chakuti anakola Mudzatopa ndi chingwe, n'kumumangirira pa mtengo wanu wa mapichesi kuti asalumenso wina. Lolemba m'mawa anabwerera ku Kalomwe. Pano ndimaona kuti chingwe chimenecho chinapulumutsa ana ambiri pamudzi pano, ngakhale panthawiyo ndinkati akumuzunza galu wa amayi.

Pamtengo paja ndi pamene ndinamuona akusanduka chinthu china. Ankatafuna chingwe, makungwa, ndi miyala yomwe. Ankaluma m'mwamba ngati pali ntchentche pamene palibe. Mawu ake anasasa, moti kuuwa kwake kunali kwa galu wina amene sindinamumvepo. Kenaka nsagwada inalendewera, dovu n'kumangotuluka. Ndinamukankhira mbale ya madzi ndi mtengo wautali, anaviikamo mphuno koma sanathe kumeza. Miyendo yakumbuyo inafa. Tsiku limene ndinkayanika chimera pamphasa, ndinatembenuka n'kupeza wauma.

Ndili chiimire pamenepo, chimera chili m'manja, ndinakumbukira ku Dedza, nthawi ija tinathawa nkhondo. Pamsasa paja panali bambo wina amene anamumanga manja ndi miyendo m'chisakasa. Mkazi wake akamubweretsera madzi m'kapu, iye ankakuwa n'kumaphupha. Ine ndinasuzumira, inu munandiphimba kumaso ndi nsalu n'kunena kuti, "Usayang'ane, n'chiwewe, anamuluma galu." Sanakhalitse bambo ameneyo. Ndiye kuti chiwewe munkachidziwa, Amayi, munachiona ndi maso anu. Nanga bwanji munandiphunzitsa za ubweya zokha, osandiuza kuti pali galu wina amene ubweya wake suthandiza kanthu? Kapena munandiuza ine ndili kalikiliki kulankhula zanga? Ndafufuza m'mutu mwangamu, sindikupeza.

Atsibweni ataona kuti galu wafa anati, "Basi, wanyamula mkwiyo wonse wapita nawo. Zatha." Ndinangotembenuka n'kuwasiya pomwepo. Aka kanali koyamba m'moyo wanga kuchoka pamaso pa alongo anu osatsanzika. Ndinasiya chimera nkhuku zikudya, ndinabereka Selina kumbuyo ngati khanda, miyendo yake ikundimenya m'ntchafu, mpaka pamsewu pamene tinakwera njinga yamoto. Iye ankangodabwa, ankati, "Amayi, ine sindikudwala." Ku postu atangomva kuti galuyo wafa akutuluka dovu, anatitumiza kuchipatala chachikulu ku Vila, chifukwa n'kumene amasunga katemera wake.

Anamwino amene anatilandira kumeneko anali mayi wa msinkhu wanga. Anamasula kansalu kaja, anaona zotsalira za phulusa, n'kundifunsa kuti n'chiyani. Nditawauza sanandikalipire. Bola akanandikalipira, ndikanapeza wokangana naye. Anangopumira m'mwamba n'kunena kuti si ine woyamba.

"Mayi, galu akaluma munthu, choyamba ndi sabawu ndi madzi ambiri. Sabawu yemweyu wochapira zovala. Wina azithira madzi akuyenderera, inu muzitsuka, mkono ukatopa mupitirizebe. Osapaka kanthu, osamanga. Mukatero mubwere kuno tsiku lomwelo, ngakhale bala likhale laling'ono ngati lokalidwa ndi minga."

"Amayi anga ankati madzi amalowetsa ululu m'kati."

"Madziwo ndi amene amauchotsa usanalowe."

"Koma ine anandipaka phulusa lomweli ndili mwana, ndipo ndinachira."

"Galu amene anakulumani inuyo analibe chiwewe. Mukanachira ngakhale popanda phulusalo."

Mawu amenewo anandiwawa ngati akukunyozani, ngakhale sankakudziwani. Zaka zonsezi ndakhala ndikuonetsa anthu chipsera changa monyadira kuti amayi anga ankadziwa mankhwala. Lero ndimve kuti ndinangochita mwayi? Ndinafuna kuwayankha, koma mwana wanga anali m'manja mwawo, ndiye ndinameza mawu. Anandiyang'ananso zala ngati ndili ndi zilonda zimene dovu likanaloweramo, anafunsa ngati galuyo analuma wina aliyense, munthu kaya chiweto, ndipo anati tikamukwirire mozama osamugwira ndi manja.

Selina anamubaya paphewa. Analuma mlomo, sanalire. Pamenepo ndinafunsa funso limene ndinabwera nalo kuchokera kunyumba.

"Achira?"

"Mwachedwa, mayi, sindikunamizani. Koma mwana akadali bwino, ndiye mpata ulipo. Matendawa amayenda pang'onopang'ono kuchoka pabala kupita kumutu. Vasina ameneyu, katemera amene tamubayayu, akuthamangitsana nawo. Masiku amene ndikuuzeni kuti mubwerenso musaphonye ngakhale limodzi, kugwe maliro kaya ukwati."

"Nanga matendawo akayambirira kufika kumutuko?"

Anayamba kulongedza thonje lawo. "Munthu akayamba kuopa madzi, palibe chipatala chimene chingamubweze, kaya ku Tete kaya kunja. N'chifukwa chake timati tsiku lomwelo."

Titabwerako ndinapeza atsibweni atakhala pakhomo panga, akutidikira. Ndinkayembekezera mlandu wa mwano, koma iwo anangomuitana Selina n'kumugwira pamphumi. Ndinawafotokozera zonse zimene anamwino ananena. Anamvetsera mpaka kumapeto, maso ali pansi, ndodo ikulemba dothi.

"Ine sukulu zanuzo sindinapite," anatero. "Iwe uzitseka kwa adotoloko, ine nditseka kwa alongo angaku. Mwanayu asatichoke."

Nditamva zimenezo, Amayi, mkwiyo wonse umene ndinawasungira m'njira unandithera. Dzenje la Mudzatopa anakumba ndi a Luwisi, amene anabwera atangomva uthenga. Anamukankhiramo ndi mitengo, pamodzi ndi chingwe ndi mbale yake. Ndinalira, ndipo ndinachita manyazi kuti ndikulirira galu amene mwina wandiphera mwana. Koma anali chinthu chanu chomaliza chimene chinkayenda pabwalo pano.

Kuchokera tsiku limenelo tikuyenda njira ziwiri nthawi imodzi. Ine ndimapita ndi Selina ku Vila, ndipo kwatsala jakisoni mmodzi. Atsibweni anatola chimera chimene nkhuku zinasiya, anawonjezera chawo, ndipo akuti mowa uphikidwa ndithu. Selina akuthamanga, akudya, akukangana ndi anzake. Atsibweni akuti ndi chifukwa chakuti mwamva. Anamwino akuti ndi katemera, koma poti tinachedwa tiziyang'anitsitsa, chifukwa chiwewe chimatha kubisala m'thupi nthawi yaitali. Ansembe akuti tipemphere. Ine ndimavomera onse, ndipo ndikafika kunyumba sindidziwa kuti ndavomera chiyani.

Palinso china chimene chikundizunguza. Chilimwe chija musanadwale, a zoweta anabwera pabwalo la shikola kudzabaya agalu katemera. Ndinakuuzani kuti tipite naye Mudzatopa. Munakana, munati jakisoni amafooketsa galu, amasiya kuuwa akuba n'kumangogona ngati mphaka. Munkanena zinthu motsimikiza moti munthu ankachita manyazi kufunsa kawiri. Atabweranso inu mutapita, ndinati ndisaphwanye mawu a malemu, galu n'kukhala pakhonde. Tsopano anamwino akuti galu wobayidwa chaka ndi chaka ndi amene amateteza mudzi, chifukwa satenga chiwewe kwa agalu oyendayenda n'kubwera nacho pakhomo. Ndiye ndikati ndikukwiyireni, ndimakumbukira kuti mankhwala anu ena ankagwiradi ntchito, monga a chifuwa aja amene mpaka pano ndimaphika. Ndikati ndisakukwiyireni, ndimaona chipsera pamkono wa mwana wanga. Kodi pa zimene munandiphunzitsa ndisankha bwanji zosunga ndi zotaya, inu kulibe?

Kumphakati ndinawauza amayi anzanga zonse, osabisa ndi phulusa lomwe. Ena anamva. Ena anati Filomena wangopita ku Vila kangati komwe, wasanduka dotolo. Agalu awiri a kumtunda amene ankasewera ndi Mudzatopa eni ake awamangirira, akudikira a zoweta, ndipo kuti avomere zimenezi ndinachita kukangana nawo mpaka mawu anandithera. Ana a pamudzi ndimawasonkhanitsa n'kuwauza zimene ndinaphunzira kuchipatala kuja: galu akamadya, akabisala, kapena akakhala ndi tiana, osamugwira, ngakhale akhale wapakhomo, galu wachilendo akakulondola osathamanga, ungoima chilili, manja pachifuwa, osamuyang'ana m'maso. Mukanawaona akuyeserera pabwalo, ataima ngati zitsa, mmodzi akukwawa n'kumauwa, mukanaseka mpaka kutsokomola. Selina ndi amene amaima nthawi yaitali kuposa onse, koma iye saseka.

Ku shikola nako kwamuvuta. Anzake ena makolo awo awauza kuti asamwere kapu imodzi ndi iye, ndipo anyamata akamuona amayamba kuuwa. Ndinapita kukadandaula kwa aphunzitsi, anawalanga, koma m'njira yobwerera aphunzitsi kulibe. Ngakhale Anastansia, m'bale wanga weniweni, akaona Selina akufuna kunyamula khanda lija amapeza chifukwa, amati likufuna kuyamwa. Ndinafuna kumutukwana. Kenaka ndinadzifunsa kuti likanakhala khanda langa ndikanatani, ndipo ndinamusiya.

Chimene sindinauze munthu ndi ichi. Ndasanduka munthu woyenda ndi kapu. Selina akangodutsa ndimamupatsa madzi, n'kumayang'ana pakhosi pake pamene akumeza. Akadzuka, madzi. Akaweruka, madzi. Amati, "Amayi, mimba yadzaza," ine ndimati imwa pang'ono chabe. Dzana anakankha kapu osamwa, ndipo ndinakhala pansi pomwepo padothi. Anati m'kapumo munagwera nyerere. Ndinataya, ndinatunga ena, anamwa akundiyang'ana ngati wamisala ndine. Dzulo anati chipsera chikuyabwa. Ndinafunsa mayi wina amene mwana wake anapsa ndi phala, anati chilonda chilichonse chimayabwa chikamapola. Koma ndinamvanso kuti chiwewe chimayamba choncho. Mawa ndi tsiku la jakisoni womaliza, ndikawafunsa anamwino, ngakhale yankho lake ndikuliopa.

Lero m'mawa ndikumupesa tsitsi, anandifunsa chapansipansi.

"Amayi, agogo ndinawalakwira chiyani?"

Anamva zimene atsibweni ankanena tsiku lija, ndipo wakhala akuzisunga yekha masiku onsewa. Anati mwina ndi chifukwa cha fodya wanu wa m'mphuno amene anamutayira m'madzi n'kunamizira nkhuku. Ndinamuuza kuti agogo sanakwiye, galu anangodwala basi.

"Nanga bwanji sanalume inuyo pamene munkamumeta?"

Ndinangokoka chipeso mwamphamvu mpaka anaiwala funso lake.

Ndiye ndikufunsa inu, poti ndinu nokha amene mukudziwa. Kodi munali inu? Ine sindikukhulupirira. Inu amene munkamusendera nzimbe ndi mano anu otsala aja simungatume galu kuti akalume mwanayu chifukwa cha mowa. Mukanafuna mowa mukanabwera kwa ine, mwini ulesi, n'kundikoka khutu monga kale. Ndimadziuza zimenezi ndikamalima, ndipo ndimalimba mtima. Koma ndikawaona atsibweni atakhala pakhonde lanu, akulankhula nanu motsitsa mawu ngati muli m'nyumbamo, kulimba mtima konse kumathawa. Ndakula ndikumva kuti anthu akamwalira amaonabe zapamudzi, ndipo kuchipatala sanandiuze kuti zimenezo n'zabodza. Anangondiuza za sabawu.

Mowa wanu tiphika, Amayi, ndikukulonjezani, ndipo udzakhala wowawa bwino monga munkaufunira, kaya munakwiya kaya simunakwiye. Koma za ubweya ndi phulusa zathera pa ine. Adzukulu anu adzadziwa sabawu ndi njira ya kuchipatala, ndipo galu aliyense amene adzagone pabwalo pano ndidzamukokera ndekha kwa a zoweta. Pamenepo mundikhululukire.

Ndili ndi pempho limodzi. Khalidwe lanu ndikulidziwa, simunabwezepo mwana pakhomo, aliyense wodutsa munkamuyalira mphasa. Koma mukamuona Selina akubwera m'njira ya kumeneko, ndi mano ake akutsogolo oguluka, musamuyalire mphasa. Musamufunse kuti wayenda bwanji. Mumukalipire kwambiri, muthyole ndi kamtengo komwe ngati kumeneko kuli mitengo, mumuuze kuti amake akumufuna abwerere msanga. Akalira musamumvere chisoni. Inu muli kale ndi ana anu awiri kumeneko, aja munaika ine ndisanabadwe. Ine ndili ndi mmodzi yekhayu.

Ndimakukondani, ngakhale pano sindikudziwa kuti ndikumvereni pati.

Ine mwana wanu,
Filomena